Mlandu wa Kachilombo ka Pansi pa Mphika

Ukwati wa bwana Alexander ndi mayi Rebecca unapirira kutentha kwa Dubai zaka zambiri, koma unadzagwedezeka ndi kachilombo kotuwa, ka miyendo yambirimbiri, kokhala pansi pa miphika ya maluwa.

Goodwell, wosamalira maluwa panyumba yawo ku Jumeirah, ndiye anakavundukula. Bwana anati kwawo ku Reading, ku England, kamatchedwa "cheeselog". Mayi, a ku Scotland, anati ayi, ndi "slater", ndipo a ku Reading amangoganiza za chakudya. Basi, anasiya kulankhulana. Azungu akasowa chochita!

Njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu. Chinkhoswe cha Goodwell chinali chitayandikira kwawo ku Dedza, ndege inali Loweruka, koma pasipoti yake inali m'kabati ya mabwanawo.

"Kafunse mkazi wanga, kiyi ali naye," anatero bwana.

"Kawauze a Cheeselog abwere adzapemphe okha," anatero mayi.

Goodwell mtima unamuwawa. Mtisunge, bwenzi lake, anali atasoketsa kale diresi. Ndiye anachita zimene amalume ake amachita banja likavuta: anaika mipando iwiri pakhonde, iye nkukhala pansi pakatikati, nkuwomba m'manja.

"Pepani makolo anga, lero ndine nkhoswe. Mlanduwu tigamula ngati wa malire a munda. Tizilombo ta mbali ya galaja ndi macheeselog a bwana. Ta mbali ya khitchini ndi maslater a mayi. Khalas, nkhani yatha."

"Nanga kakawoloka kupita kukhitchini?" anafunsa bwana.

"Kameneko ndi kamkamwini, bwana. Kwathu mwamuna akakhala kwa mkazi, amatsata za pamudzipo."

Bwana anavomera monyinyirika. Mayi anangoti aona kaye ngati chigamulocho chigwire ntchito.

Mmawa mwake onse awiri anatuluka kukayendera ziweto zawo. Bwana anatukula miphika yonse ya kugalaja, osapeza ngakhale kamodzi. Kukhitchini kunali namtindi, tina tikukwerana pamsana.

"Tizilombo tonse takwatira kuno!" anafuula mayi, akuseka mpaka misozi. Analowa m'nyumba nkutuluka ndi pasipoti.

Bwana anayang'anitsitsa tsache limene linali m'manja mwa Goodwell, nkuzindikira amene anasesera tizilomboto kukhitchini.

"Nkhoswe yanji yokondera iwe?"

"Nkhoswe imayamba yaona amene ali ndi kiyi, bwana," anayankha Goodwell, akulowetsa pasipoti m'thumba la malaya.