Mwala pa Mzere wa Feteleza

"Adada, munthu akakula, kusewera kwake kumapita kuti?"

Thokozile anafunsa funsoli mano akutsogolo atangoguluka, tsiku lina akupatsira bambo ake masamba a fodya m'chigafa. Saulos anayankha osadzutsa mutu: "Kumapita kumunda." Mwanayo anaseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Saulos sanalikumbukirenso funsolo mpaka m'zaka zoyamba za makuponi, tsiku limene anapita ku boma kukagula feteleza.

Kuponiyo sinali yake. M'mudzi mwawo, kufupi ndi Kaluluma, makuponi anabwera ochepa, ndipo anthu anagwirizana kuti mabanja awiriawiri azigawana. Dzina limene linalembedwa linali la Dailes, mayi wamasiye amene munda wake unachita malire ndi wa Saulos. Thumba likabwera ankayeza ndi ndowa, theka uku theka uko. Chaka chimenecho mwendo wa Dailes unatupa, moti ngakhale kumjigo ankapita motsimphina. Chimanga chinali chitamera kale, chikudikira feteleza wokulitsa, koma depoti ya kwawo inali itauma. Atamva kuti ku Kasungu kukubwera lole, Dailes anamasula mfundo ya chitenje natulutsa kapepalako.

"Bambo a Thoko, chakudya cha ana anga ndi chimenechi. Musachiike m'thumba lobooka."

"Ine ndine mwana kodi, amake Ernest?"

Anafika ku boma dzuwa litangotuluka, napeza mzere utazungulira kale mpanda wa depoti. Lole inali isanafike. Ena ankati yaphulika tayala pa Lisasadzi, ena ankati sinanyamuke n'komwe ku Lilongwe. Kalaliki anasuzumira pawindo nati, "Madzulo, kapena mawa," n'kutsekanso.

Tsidya la msewu, m'holo ina, munkatuluka phokoso limene Saulos sanalimvepo: mabelu, malikhweru, kulira konga kwa achule ambiri pamodzi. Pakhomo panapachikidwa nsalu yonena za chionetsero cha masewera a makina. Anyamata ena a ku Lilongwe anabweretsa makinawo kuti eni magolosale awaone, mwina agule, ndipo tsiku limenelo aliyense ankayesa ulere.

Tsono kwawo kwa Saulos mzere suimidwa ndi miyendo yokha. Kuchigayo limakuimira ndi thumba lako, kumjigo ndowa yako, kudepoti mwala. Aliyense amaudziwa mwala wa mnzake, ndipo kuusuntha n'chimodzimodzi kutukwana mwini wake. Choncho dzuwa litafika paliwombo, Saulos anatola mwala waukulu wofiira, nauika pamene anaima, nauza munthu wa kumbuyo kwake kuti, "Achimwene, ndili pano." Munthuyo anangogwedeza mutu. Sankadziwana.

M'holomo munali mdima ndi fungo la petulo wa jenereta. Mtsikana wina wa nsapato zazitali, amene anzake ankamuitana kuti Jenifer, anamuthira tizitsulo tozungulira m'dzanja. "Ponyani m'kabowomo, madala, muone dziko."

Anayamba ndi galimoto. Panali mpando ndi chiwongolero chenicheni, msewu ukuthamanga pagalasi. Iye amene sanayendetsepo china koposa ngolo anagunda khoma kangapo, ndipo anatsika ali dzandidzandi. Makina ena anali a amuna awiri omenyana mateche. Wogwa ankadzukanso wopanda chipsera, ndipo Saulos anaona kuti limenelo ndi bodza loipa kuliphunzitsa ana. Anali atatembenuka kale kuti azituluka pamene anaona pakona tebulo lalitali la galasi pamwamba, limene achinyamata sankalilabadira.

"Iyi ndiye ya msinkhu wanu," anatero Jenifer. "Pinibolo. Kokani apa, musiye. Kenaka manja m'mbalimu."

Anakoka, nasiya. Kampira kachitsulo, konga dzira la njiwa, kanathamangira kumtunda, kanagunda apa, belu n'kulira, kanagunda apo, nyali n'kuyaka. Tebulolo linali lotsetsereka ngati munda wa m'mbali mwa phiri, ndipo chilichonse chinkathamangira kudzenje la kumunsi. Pakamwa pa dzenjelo panali timikono tiwiri tomvera zala zake. Koyamba kampirako kanadutsa pakati iye ali kukamwa yasa. Kachiwiri anakamenya, ndipo anakamva kulemera kwake m'zala ngati mmene khasu limamvekera likapeza nthaka yofewa.

Chimene chinamugwira sichinali mabelu. Ku okushoni, wogula amadutsa pa belo lako, n'kutchula mtengo, iwe osadziwa chimene walakwa. Mvula imadula pakati pa Januwale popanda wokufunsa. Koma apa kampira kakagwa, chifukwa chake chinali poyera: chala chako chachedwa. Ndipo ukaphonya sunkadikira chaka chamawa. Kena kankatulukira pomwepo, koyera, kopanda mangawa.

Nthawi ina kampira kakulunjika kudzenje, analikankha tebulo ndi ntchafu. Nyali zonse zinazima, timikono n'kufa.

"Musaigwedeze, madala, imanyanyala!" Jenifer anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Kumudzi mumawagwedeza chonchi amayi?"

Saulos anaseka nawo, kuseka kumene pakamwa pake panali patakuiwala. Apa m'pamene funso la Thokozile linamubwerera. Kusewerako sikunapite kumunda ayi. Kunangobisala m'zala, kudikira.

Anamva hutala ya lole kunja. Anaimva bwinobwino. Mumtima anati, mwala ulipo, nditsirize kampira aka kokha. Kenaka kanatuluka kena.

Jenereta itatsokomola n'kuzima, m'holomo munagwa bata, ndipo m'pamene anamva kuti kunja nakonso kuli zii. Anathamanga. Dzuwa linali litapendeka. Mzere kunalibe. Panatsala amayi angapo akusesa timibulu ta feteleza pansi, kuthira m'mapepala a shuga. Lole inaima yopanda kanthu, ndipo kutayala lake lakumbuyo kunali mwala wofiira, wina atauchirikiza kuti galimoto isabwerere.

"Ndinasiya mwala pamzere," anauza kalaliki.

Kalalikiyo anamuyang'ana ngati wamva chinenero chachilendo. "Bambo, ife timagulitsa kwa anthu. Miyala ilibe makuponi."

"Ina ibwera liti?"

"Funsani mwalawo."

Ulendo wobwerera anauyenda zala zikugundagunda zokha pa mawondo, ndipo ankazikanikiza ndi manyazi. Akanatha kunena kuti feteleza anatha mzere usanamufike. Chaka chimenecho mawu amenewo sankadabwitsa munthu, ndipo mbali ina anali oona.

M'mawa mwake anamupeza Dailes atakhala pamzere wa chimanga, mwendo wotupawo atautambasula, akuzula udzu ndi manja. Chimangacho chinali chitayamba chikasu m'nsonga.

"Mwauka uli, bambo a Thoko?" anamulonjera Dailes. "Njinga ya katundu ikubwera m'mbuyo?"

Saulos anakhala pansi patali pang'ono, natulutsa kuponi ija naiika pamwala pakati pawo. Anafotokoza zonse, za mwala, za holo, za hutala imene anaimva. Dailes sanamudule mawu. Anangosiya kuzula udzu.

"Mowa ndikanamvetsa," anatero pomaliza. "Mkazi ndikanamvetsanso. Koma kampira, adada? Munthu wa imvi?"

"Ngakhale ine sindikumvetsa."

"Ernest ndi azing'ono ake adya kampirako mu Febuluwale?"

Saulos anayang'ana kutsidya kwa malire, kumene fodya wake wowokera anaima m'mizere, atangogwira. M'nyumba mwake, kuseri kwa chitseko, munali theka la thumba limene anagula atagulitsa mbuzi, kusungira fodyayo. Dailes ankalidziwa, pakuti mbuziyo inadutsa pakhomo pake ikulira.

"Lija la kuseri kwa chitseko libwera kuno lero," anatero Saulos. "Ndithira ndekha, phando ndi phando."

"Nanga fodya wanu? Akhala ngati makutu a mbewa. Amake Thoko muwauza chiyani?"

"Zomwe ndakuuzani inu. Fodya sadyedwa, amake Ernest."

Dailes anayang'ana chimanga chake. Theka la thumbalo silikanakwana munda wonse, ndipo onse awiri ankadziwa. Kenaka anatola kuponi ija, naipukuta dothi, naitambasulira kwa iye.

"Tengani. Akuti ku Nkhamenya mwina kubwera ina."

"Mukundipatsanso ine?"

"Ndili ndi mwendo wina woti nditume? Koma mundilonjeze."

"Ndikaima ndekha ndi miyendo yangayi, ngakhale kuche kawiri. Ikabwera, thumba loyamba ndi lanu lonse. Ikapanda kubwera, chimene ndikolole tidzadyera nkhokwe imodzi."

"Yewo," anatero Dailes, akubwerera ku udzu wake. "Inenso za kampirazo sizituluka pakamwa panga. M'mudzi muno akangomva, dzina lanu likhala lomwelo mpaka kumanda."