Achimwene Anasankha Yam'mwamba

Mlamu wanga atamwalira, abale ake sanachedwe. Atangometa maliro anawasudzula achimwene anga a Mikaele. Anawathokoza ndi mawu okoma kuti anawasunga bwino mkazi wawo, koma ukamwini watha, abwerere kwawo. Nyumba ya malata imene anamanga ku Kadewere, mitengo ya mango imene anadzala, khola la nkhumba, zonse zinatsala komweko poti malo ndi a kuchikazi. Anafika kwa ine ku Mbombwe pa kabaza, atanyamula chikwama ndi wailesi basi. Ndinalira, ndisaname.

Koma nanga kwathuko malo ali kuti? Munda wa amayi tinagawana kalekale ife akazi, wanganso ndinaudula kale kupatsa ana anga. Achimwene ankagona m'chipinda chimene ndimasungiramo chimanga, kukacha n'kukhala pakhonde ngati mlendo. Munthu woti moyo wake wonse dzuwa linkamupeza ali kale m'munda! Zinkandiwawa kuwaona, zinkandikwiyitsanso, chifukwa sankadandaula ngakhale pang'ono.

Mwana wawo Denis, amene amagwira ntchito ku Joni, ndiye anaimba foni.

"Azakhali, bambo asamagone ndi anankafumbwe," anatero. "Pa Njuli pali a Khalil, amanga nyumba zogulitsa. Pitani nawo akasankhe okha. Ikhala m'dzina lawo, osati langa."

Tinapita. A Khalil ndi bambo wa sitolo ya simenti, wolankhula mofulumira, makiyi ali m'manja. Anayamba kutionetsa zamdadada, nyumba zogundana makoma, iliyonse ndi khomo lake, kuseri kuli kabwalo kake kotchinga ndi njerwa. Achimwene sanayang'ane zipinda n'komwe. Anadutsa mpaka kuseri, n'kugwada ndi maondo awo owawa aja, n'kutapa dothi. Analifikisa ndi zala, analinunkhiza.

"Nandolo apa angachite," anatero chapansipansi.

Chimwalirire mlamu wanga, ndinali ndisanaone nkhope yawo itamasuka choncho.

Kenako a Khalil anati tikaonenso ina, yosanja pamwamba pa masitolo. Mayo ine, masitepe ake! Opapatiza, amdima, onunkha penti. Achimwene anapuma panjira atagwira khoma. Titafika tinapeza chipinda, pabalaza, ndi windo loyang'ana kumsewu wa ku Zomba.

"Kuno mukugula mkati mokhamu," a Khalil anafotokoza. "Denga, masitepe ndi malo amene nyumbayi yaimapo, zimenezo n'za onse okhala muno."

"Bwalo palibe?" anafunsa achimwene.

"Palibe, bambo."

Ine ndinaseka. "Iyi ndi ya nkhunda, a Khalil. Tiyeni titsike."

Tinabwerera kukabwalo kaja. Nkhani inali itatha kale, aliyense ankaona. Koma pakamwa pangapa, abale inu, sipadziwa kukhala chete. Ndinafuna kuti ndikhomerere, asasinthenso maganizo.

"Achimwene, palibenso zoganiza apa. Taonani malo! Apa mudzala nandolo wanu. Mbali iyo Maluwa wanga azidzalako mpiru wogulitsa, poti kamunda kake n'kochepa ndipo msika uli pafupi. Pakona apo mwamuna wake akhoza kuikapo kakhola ka nkhuku. Simukhala nokha, tizibwera."

Ndinkalankhula ndikuloza uku ndi uku. Nditacheuka ndinapeza achimwene akusasa dothi m'manja, pang'onopang'ono, mpaka kupukuta zala pa buluku.

"A Khalil," anatero, "yam'mwamba ija, munthu angabwere kudzati mundigawireko pambali?"

A Khalil anaseka. "Pambali pake ndi mphepo yokhayokha, bambo."

"Ndatenga imeneyo."

Ndinawatembenukira. "Mwapenga? Ndi maondo anuwo? Muzikwera bwanji?"

"Achemwali, sindinagonemo n'kamodzi komwe, inu mwagawa kale."

"Ndimangolankhula ine! Maluwa si mwana wanu yemwe?"

"Ndi mwana wanga. Aku Kadewere aja nawonso anali abale anga, tinkadyera limodzi. Lero ndi mpiru, mawa ndi khola, mkuja mudzati nkhalambayi yatopa, ipume, tiisungire malo. Ndipo mudzanena mwaulemu, mudzandithokoza." Anapukusa mutu. "Paliponse pamene pali dothi pamakhala mwini wake amene ali m'njira. Ndatopa nazo, achemwali."

Ndinakalipa, anthu a m'masitolo mpaka anatuluka kudzaonerera. Ndinati Maluwa sadzapondapo phazi, ndinalumbira kutchula malemu amayi. Ndinaimbira Denis, naye anawachonderera mpaka mayunitsi kutha. Achimwene anangoyankha kuti, "Unati ndisankhe ndekha." Munthu wofatsa akakana, ndi bwino kukankha phiri la Chiradzulu.

Analowa m'nyumba yawo nthawi yotentha. Poyamba ankatsika kukagula makala ndi kupita ku Misa. Kenako anayamba kutsika Lamulungu lokha. Kenako ansembe ndiwo anayamba kukwera. Ine ndinkapita ndi chinangwa ndi ndiwo, n'kumawapeza pa mpando pafupi ndi windo, wailesi ikulankhula yokha. Miyendo inayamba kutupa. Ndikawauza kuti tisinthe, zamdadada zikadalipo, ankangondifunsa za mitengo ya feteleza.

Mvula yoyamba itagwa, dziko lonse linathamangira kumunda. Ine ndinamaliza kudzala, ndinasamba, n'kukwera kabaza wa ku Njuli. Fungo la dothi lonyowa linali paliponse, ngakhale m'masitepe amdima aja. Ndinawapeza atatsegula windo, malaya atanyowa pachifuwa.

"Yalowa bwino?" anafunsa asanandipatse ndi moni.

"Yalowa."

"Musakwirire kwambiri mbewu. Maluwa amakonda kukwirira kwambiri."

Ndinasuzumira pawindo. Pansi apo azimayi ankadutsa ndi matope m'miyendo, akuseka. Ine ukali wonse unali utandithera, kunatsala chisoni chokha.

Nditati ndizipita, anandiuza kuti ndiyang'ane kuseri kwa chitseko cha kuchipinda. Ndinapezako khasu latsopano, lokulungidwa m'thumba la feteleza. Mpini wake unali wosema okha, ndinaudziwa, wosalala bwino. Chitsulo chinali chisanakhudzepo dothi.

"Ndinaligula tsiku limene Denis anaimba foni," anatero, maso ali kunja. "Mukampatse Maluwa."

"Achimwene, lisungeni. Mwina chaka chamawa..."

"Likungochita dzimbiri muno. Tengani."

Ndinatsika nalo masitepe aja ndikulira ngati mwana. Wa kabaza anandifunsa ngati kwagwa zovuta, ine ndinati ayi, angopalasa.