Nsalu ya Anamfedwa

…chifukwa kampani yaikulu sithamanga, imangokhala pamene yakhala, ena n'kumatopa poizungulira. Ndi zomwe Ampofo anauza akuluakulu anzake pamsonkhano Lachiwiri, ndipo lero, atakhala pansi pa tenti ku Mampong, nsalu yoyera ili paphewa, mawuwo ankamukomerabe ngati wawamva kwa munthu wina wanzeru. Masitolo a mankhwala kuyambira ku Accra mpaka ku Tamale ankagulitsira pa pulogalamu ya kampani yake. Ndiye kamtsikana aka, Ohenewaa, kangamutani ndi kapulogalamu kake ka pafoni kogawa ulere? Inde, kankagwira ntchito ngakhale netiweki itasowa, zimene yakeyo inkalephera — inde, masitolo ang'onoang'ono anali atayamba kusamuka — koma Fuseini, mkulu wa olemba mapulogalamu pakampani yake, anali atatsala pang'ono kutseka mpata umenewo, ndipo pofika Khirisimasi mtsikanayo adzakhala atauma, iye adzangomugula, mwaulemu, ndi mipando yomwe. Nzeru imeneyi ankaidziwa a pamsonkhano uja okha.

Maliro anali a agogo ake a Ohenewaa yemweyo, nkhalamba yomwalira itakhuta masiku, n'chifukwa chake anthu anavala zoyera ndipo malipenga ankalira nyimbo zovina. Izi ndi zomwe Ampofo ankazilota ali ku Toronto zaka zonse zija, kumene munthu amaikidwa ngati akutumiza katundu, anthu n'kubwerera ku ntchito tiyi asanazizire. Ngakhale kuti Mampong amene anamusiya sanamupezenso — mitengo ija anagwetsa, pabwalo pomwe ankamenyera mpira pali sitolo ya matailosi, ndipo ana a anzake amamutchula Boga, dzina la obwera kuchokera kunja, ngati sanabadwire kuseri kwa tchalitchi chomwechi. Komabe mpunga wa jolofu unkanunkhira utsi monga kale. Anadya, anakhuta, anadzimva munthu wabwino: kubwera kudzapepesa amene ukulimbana naye, ndi angati angachite?

Dzuwa litapendeka anaima pamzere wopereka moni, kuyambira kumanja monga mwa mwambo, ndipo anakondwa kuti thupi lake silinaiwale. Anamfedwa anakhala moyang'ana khamu, onse m'nsalu imodzi imene banja linasankha, yoyera ya timasamba takuda — nsalu yomwe sugula pamsika, amachita kukupatsa akakuona kuti ndiwe wawo.

Ohenewaa anamugwira dzanja ndi manja awiri, akumwetulira, maso ali psuu.

"Aa, a Boga! Mwabwera kudzalira kapena kudzagula?"

"Kudzalira, mwanawe. Zogula ndi Lolemba."

Azakhali ake a mtsikanayo anaseka, Ampofo nayenso anaseka, koma atafika pa dzanja lotsatira liwu lija linamutsata — kudzagula — ayi, aliyense angaganize choncho, nsomba yaikulu anthu amaidziwa chimene imadya, kapena mtsikanayu wauzidwa? Nanga si iye mwini, ndi pakamwa pake pokonda kusekedwa, amene wangovomera pamaso pa fuko lonse? Anapitirira, dzanja, dzanja, pepani, pepani, ndipo kumapeto kwa mzere, pakati pa amalume awiri, panakhala Fuseini.

Fuseini wa ku Tamale, wopanda mbale ndi mmodzi yemwe kuno, amene dzulo anaweruka msanga akuti mutu.

"Bwana, mwayenda bwino?"

"Iwenso wafedwa?"

"Anandipatsa, bwana. Nsalu siikanidwa."

Zoona, siikanidwa, mwina anaphunzira limodzi ku Kumasi, mwina pali chibwenzi — mnyamatayu sanakwatire, ndipo zikatero mwinanso n'zabwino, ukwati ungamubweretse mtsikanayo pakhomo popanda ndewu — kapena mwina ndi iye Ampofo amene wakhala akutchula munthu kuti "dzanja langa lamanja" pamaso pa azungu osafunsapo kumene dzanjalo limadya Lamlungu. Zonse zimene adzagonjetsere Ohenewaa zili m'mutu uwu, pansi pa kachipewa aka, ndipo mutu ukhoza kunyamuka pakampani osatenga ngakhale cholembera. Anafuna kuseka, kumumenya paphewa, kunena kanthu kosonyeza kuti kampani yaikulu sidabwa.

Koma malaya a nsalu ya banjayo amene Fuseini anavala sanali obwereka. Anamukhala ndendende m'mapewa ake opapatiza aja, mkono ukuthera pomwe pamayambira wotchi; telala anachita kumuyeza, ndipo telala wa ku Kumasi sasoka za pamaliro tsiku limodzi — ndiye kuti Lachiwiri lija, pamene Fuseini ankagwedeza mutu kuvomereza pamsonkhano, nsaluyi inali kale pamakina. Malipenga anayambanso. Kumbuyo anthu ankadikira kuti mzere uyende. Dzanja la Fuseini linali likadali m'dzanja lake, lofunda, louma, losanjenjemera n'pang'ono pomwe, ndipo Ampofo sanathe kudziwa kuti mwa awiriwo ndani akudikira mnzake kuti ayambe kutaya.