Bobini za a Uladi

Nkhaniyi anandiuza ndi a Dyson, wokazinga tchipisi pa Nkope, tikudikira minibasi yomwe sinabwere.

Patangotha masiku anayi a Uladi, telala wa pamsikapo, ataikidwa m'manda, mng'ono wawo Wadi analowa m'nyumba ndi chingwe m'manja. Mkazi wa malemuwo, dzina lake Awa, anali pamphasa pafupi ndi makina osokera a magetsi, amene a Uladi anabwera nawo kuchokera ku Joni.

"Alamu, makinawa akupita kwathu ku Chowe," anatero Wadi. "Mukhala nawo otani, maso anuwo ali chonchi?"

"Ndimasoka ine. Mipendero yonse ya madiresi ndinkapinda ndine."

"Inuyo? Singano mumaiona?"

"Zala zimaona."

Wadi anaseka, n'kumuponyera mkanjo woyera umene malemu anausiya theka. "Sokani tione. Mukamaliza uwu, chingwe changa ndibwerera nacho."

Awa anakhala pampando, n'kuponda. Makina anathamanga bwinobwino mpaka pakati pa mpendero. Kenako analira kuti tii, tii, kagetsi kofiira kakuphethira, singano n'kuima. Zaka zisanu ndi zitatu akusokera makinawa, kulira kumeneku anali asanakumvepo.

"Mwamva? Akukanani okha," anatero Wadi. "Mawa m'mawa ndibwera ndi njinga yamoto."

Olira maliro anali atabalalika. Awa anali pa eda, masiku amene wamasiye satuluka pakhomo, ndiye kupita kumsika kukafunsa telala wina sakanatha. Anazimitsa makina, n'kuyatsanso. Tii, tii. Anapukuta pamwamba ndi mpango wake, anagwira ulusi wapamwamba, unali wochuluka. Anaitana mwamuna wake dzina, pang'onopang'ono, n'kuchita manyazi yekha.

Dzuwa litapendeka anapapasa pansi pa singano, kachitseko n'kutseguka. Anatulutsa bobini, kagudumu kosunga ulusi wapansi. Inali itatsala ndi ulusi wosakwana mkono.

Apa m'pamene anazindikira. Masana aliwonse, asanamusiyire mpando, a Uladi ankati, "Taimani kaye mayi, ndichotse fumbi," n'kuwerama pansi pa makina. Silinali fumbi ayi. Ankaika bobini yodzaza, kuti mkazi wawo asadzavutike ndi kupota ulusi umene sauona, ndiponso kuti asadziwe kuti akuthandizidwa.

Awa anakoka kabati ya tebulo kufuna ulusi woti ayesere yekha, dzanja n'kugunda chitini cha mkaka. Chinali cholemera. M'kati munali bobini zodzaza, zoposa makumi atatu, iliyonse ili ndi kansonga katali ka ulusi. Zina zinali ndi mfundo imodzi kumapeto, zina ziwiri. Anazitengera pazenera, n'kuziyandikiza kudiso: mfundo imodzi ulusi woyera, ziwiri wakuda. Miyezi imene a Uladi ankadwala, pamene ankamuuza kuti apite akagone iwo akusewera ndi makina, ntchito yake inali imeneyi.

M'mawa Wadi anapeza mkanjo utapachikidwa pachitseko, wosita kale. Anayendetsa chala mumpendero monse kufuna polakwika.

"Wakuthandizani ndani?"

"Akulu anu."

"Musanyoze maliro, alamu."

Awa anamupatsa chitinicho. Wadi anatola bobini imodzi, n'kupapasa mfundo zake nthawi yaitali. Anaibwezera, anatseka chitinicho bwinobwino, n'kuchiika pamiyendo pa mlamu wake. Chingwe anamangira thumba lake la usipa.

A Dyson anathera pamenepo. Ine ndayenda m'midzi yambiri, ndipo m'bale wa malemu wosiya makina a ku Joni chifukwa cha mfundo za ulusi sindinamuonepo, choncho mbali imeneyo ndikuikayikira. Ndinadutsa dala pakhomo la Awa kuti ndimve ngati makina akulira. Kunali zii, koma tsikulo magetsi anali atazima.