Nsapato Imodzi ya Wosita

Shopuyo inali ndi zipinda ziwiri. Chakutsogolo chinali ndi kauntala, mpando wawofuwofu ndi fani. Chakumbuyo chinali ndi makina ochapira, tebulo lalitali lositirapo, nthunzi, ndi iye. Anthu ankangomutcha Wosita. Bambo ake atamwalira, shopu inatsala m'manja mwa mayi ake omupeza, ndipo mng'ono wake, mwana wa mayiwo, anapatsidwa mpando wakutsogolo chifukwa ankadziwa kumwetulira makasitomala. Panalibe amene anakonza zimenezi mwankhanza. Zinangoyenda choncho, monga madzi amapezera okha kotsikira.

Loweruka lina hotela imene ankaichapira nsalu inaitana onse oigwirira ntchito kuphwando la masana. Mayi mutu unkawapweteka, mng'ono anali ndi kwina kopita, ndiye anatuma Wosita kuti shopu isasowe woiimira. Anavala nsapato zobiriwira zazitali kuchidendene zimene anagula kalekale koma osazivalapo. Kumeneko anavina ndi wokonza zikepe zokwezera anthu m'zipinda zam'mwamba za hotelayo, mwamuna wamtali, wofatsa, amene ankamuponda zala n'kumapepesa. Mwamunayo anali atabisa magalasi ake m'thumba la jekete chifukwa anzake ankamuseka kuti akawavala amaoneka ngati kadzidzi. Choncho anavina masana onse ndi mkazi amene nkhope yake sankaiona bwinobwino. Anacheza za mawondo opweteka ndi mabwana ovuta, ndipo Wosita anatchulako kuti amagwira pashopu yochapa zovala pafupi ndi depoti. Nsapato zitayamba kuluma anazivula n'kuziponya m'jumbo. Dzuwa litapendeka anathamangira basi atavala patapata, osatsanzika. Atafika kunyumba anapeza nsapato imodzi yokha m'jumbomo. Lolemba anaitaya m'bini. Nsapato imodzi akanachita nayo chiyani?

Sabata yonse ankasita akutchera khutu kukhomo. Anali atafika msinkhu umene anthu amasiya kukufunsa za banja, ndipo iye mwini anali atasiya kudzifunsa. Koma tsopano ankafuna munthu uja abwere, amupeze. Ankadzikalipira, kenako n'kutcheranso khutu.

Munthu uja anabwera Lachisanu madzulo ataweruka, atavala ovolosi ndi magalasi ochindikala, nsapato ataikulunga m'pepala.

"Kuno timachapa zovala, bambo, sitisoka nsapato," anatero Mayi.

"Ayi Mayi, si yong'ambika. Ndinaitola pansi pa tebulo kuphwando la kuhotela. Mwini wake anati amagwira pano. Kungoti… nkhope yake sindinaione bwino. Ndinalibe awa." Anagwira magalasi aja mwamanyazi.

Mayi anayang'ana nsapato ija, n'kuyang'ana khomo lakumbuyo. Anaidziwa bwino. Koma anaganiza za nsalu za hotela zimene zimabwera milumilu, za msana wawo umene sunkawalolanso kuima nthawi yaitali, ndiponso za mwana wawo amene sankadziwa n'kugwira simbi komwe. Wosita akachoka adzasita ndani?

"Atsikana anga ndi awiri," anatero. "Ayese onse, isankhe yokha. Iwe! Tatuluka kuno."

Wosita anatuluka mpango uli chinyowere ndi thukuta, epuloni ili ndi madontho a sopo. Atamuona munthu uja anapukuta manja paepuloni. Ankayembekeza kuti angomuzindikira, koma iye anangomupatsa moni waulemu ngati mlendo. Wosita anayankha ndi mutu, nakhala pakreti. Mwamunayo anagwada n'kumuika nsapato kuphazi.

Zinalowa zala zokha. Anali ataima chiimire kuyambira m'mawa, ndipo phazi linali litatupa mpaka mu akakolo, khungu lili nyezinyezi. Anakankha, analuma mano, anakankhanso. Chidendene chinatsalabe panja.

"Asisi, muthyola nsapato ya eni ake," anatero mng'ono uja akuseka. "Phazi lanulo likufuna jombo. Bweretsani kuno, achimwene."

Iye anali atakhala tsiku lonse pansi pa fani, miyendo atasanjika pakatoni. Phazi lake linangoti lowu.

"Yandikwana! Amayi, taonani. Ngati anachita kundiyeza."

"Ndiye ndinu?" anafunsa mwamunayo, akupukuta magalasi ndi kolala.

"Mwina ndine. Tandikumbutsani, tinakambirana zotani?"

"Mwamupeza, bambo," anatero Mayi msangamsanga. "Khalani apa, akugulireni chakumwa chozizira."

Wosita anavala patapata zake n'kubwerera kumbuyo. Anatenga simbi, nayamba kolala ya malaya oyera. Kukhala chete kunali kophweka. Anali atazolowera, ndipo thupi lonse linkangofuna kuti tsiku lithe. Kutsogolo kunkamveka kuseka kwa mng'ono wake, ndi mawu a munthu uja akuyankha mokayika, mwaulemu, ngati wolowa m'nyumba yolakwika amene akuchita manyazi kutuluka. Anadziwa kuti munthu wofatsa chonchi angathe kutengedwa mpaka kalekale chifukwa choopa kukhumudwitsa anthu.

Anaimika simbi, naizimitsa. Anapita kukaima pakhomo, atatsamira mphuthu.

"Bambo, phazi la munthu wosita saliyeza madzulo. Limatupa. Inu chikepe chikafa, mukakwera masitepe tsiku lonse, jombo zanu sizikuthinani?"

Mwamunayo anadzuka pampando mawu aja asanathe n'komwe.

"Zimandithina," anatero pang'onopang'ono. "Mwina mpaka kuzivula ndi sopo. Chemwali, ndinu. Mawu anuwo."

"Iwe, malaya a eni ake akudikira," anatero Mayi, koma mawu awo analibe mphamvu.

Mng'ono uja anavula nsapato ija n'kuiika pakauntala. "Inkandiluma kale kuchala chaching'ono. Ndiponso amuna a magalasi ngati matako a botolo si mtundu wanga. Asisi, tengani katundu wanu."

"Ayi, apite nayo," anatero Wosita. "Ndimatsegula ine, mashopu ena asanatsegule. Ngati akufuna kuyeza, adzayeze nthawi imeneyo."

Anabwerera kukamaliza malaya aja. Mayi anayang'ana milu ya nsalu, kenako anauza mwana wawo kuti azimitse fani, apite kumbuyo akaone mmene amapindira nsalu za pabedi. Mwanayo anang'ung'udza, koma anapita.

M'mawa mwake msewu unali usanadzaze. Wosesa ankakokolola zinyalala m'ngalande, ndipo pakhonde la shopu panakhala wokonza zikepe, bokosi la zipangizo pambali, pepala lija pamwendo. Wosita anatsegula loko, nakhala pasitepe, natambasula phazi. Nsapato inalowa bwinobwino. Anaiyang'ana pang'ono, kenako anaivula n'kubwezera patapata, poti ntchito inali ikudikira.

"Yakwana," anatero. "Ndiye?"

"Ndiye ndimati ndibwere Lamlungu, tikayende."

"Lamlungu ndimagona, bambo. Ndi tsiku lokhalo."

"Inenso ndimagona. Tikadzuka."

Wosita anamuyang'ana nthawi yaitali, nayenso anamuyang'ana, magalasi ali kumaso.

"Kopanda kuvina," anatero Wosita. "Kokhala pansi."

"Kokhala pansi."

"Chabwino. Tsopano tandikankhireni chitsekochi, chimalimba kumunsi."