Mawu a Tillery Pakamwa Panga

Ntchito yanga m'nyumba ya malamulo ya chigawo chathu ndi kuwerenga mokweza. Chilichonse chimene aphungu akufuna kuvotera chimayamba chadutsa pakamwa panga, ine Odessa Kimbrough, ndipo ndatha zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi osaphonya dzina la munthu. Nthawi zambiri sindifika ndi pamzere wachitatu pomwe. Wina amadzuka n'kupempha kuti kuwerengako kulekezere pomwepo, onse n'kuvomera. Koma phungu mmodzi yekha akakana, ndiyenera kuwerenga mpaka kumapeto.

Lolemba phungu Royce Tillery, mzungu wosatsegula n'komwe malamulo amene amavotera, anakabwebweta pa wailesi. Anati akazi akuda amene ali pamipando yapamwamba sanafikepo ndi nzeru zawo, anachita kukwezedwa ndi ndondomeko yopatsa mwayi anthu akuda, mitu yawo siingathe ntchitozo. A chipani chake onse anati sanamve pulogalamuyo, ngati kuti mawailesi awo anapangana kufa tsiku limodzi. A chipani chinacho anakwiya uku mitima ikuvina. Mtsogoleri wawo, Carlton Mabry, mzungu nayenso, analemba chikalata chodzudzula Tillery, n'kukoperamo chipongwe chonsecho osasiyako liwu.

Nditachiona ndinapita ku ofesi kwake.

"Bwana Mabry, mawa wina akapempha kuti ndisawerenge, chonde musakane. Mawu amenewa sindikufuna atuluke pakamwa panga."

"Aaa, Mayi Kimbrough! Inu mukuona ngati tikuvutikira ndani? Si inuyo?" Anandigwira dzanja ndi manja ake awiri. "Tangoganizani, mayi wachikuda akuwerenga zimenezi makamera ali pa iye. Dziko lonse ligwedezeka."

"Adzukulu anga amaonera, bwana."

"Ndiye bwinotu! Adzakunyadirani."

Ndinatuluka ndikupukuta dzanja pa siketi. Ndinanyansidwa naye kwambiri, poti Tillery uja chipongwe chake sachibisa, pomwe uyu amafuna ndimuthokoze.

Mmawa mwake mnzake wa Tillery anadzuka n'kupempha kuti chikalatacho chisawerengedwe. Sikuti ankandimvera chisoni ayi, ankabisa manyazi a chipani chake. Komabe mumtima ndinapemphera kuti zitheke.

"Ndikukana!" anafuula Mabry, atayamba wayang'ana kumene kunali kamera.

Choncho ndinawerenga. Ndinanena ndi pakamwa panga kuti akazi onga ine tinachita kunyamulidwa, kuti mitu yathu ndi yoperewera. Sindinathamange, sindinanjenjemere. A chipani cha Mabry ankapukusa mitu mokokomeza, ena dzanja pachifuwa, linalo likujambula ndi foni. A chipani cha Tillery maso anali pa nsapato zawo. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anandiyang'ana ngati munthu.

Anavota, aliyense ndi chipani chake, ndipo chikalata chinagwa monga mmene onse ankadziwira kuyambira dzulo lake.

Ndikusonkhanitsa mapepala, Tillery anabwera patebulo panga akumwetulira, tayi ili pambali.

"Mayi, kunena zoona, mumawerenga bwino zedi. Chingerezi chanu n'chomveka, ndinadabwa nazo. Munaphunzira kuti?"

Ndisanatsegule pakamwa, Mabry, amene ankadutsa, anaima n'kumusisita Tillery paphewa.

"Waonatu, Royce? Ndimakuuza ine kuti ena mwa iwo amatha."