Tizilombo Tothyoledwa Mano

"Ndati mundipatse mwanayo," anatero mayi Alufandika, manja atatambasula kale.

Malita anafungatira khandalo n'kuyang'ana kwa achimwene ake. Achimwenewo, Raymond, anali atakhala pakhonde la nyumba yake ku Likangala, atavala mkanjo woyera wa kutchalitchi. Nkhata za pamanda a mkazi wake, Phoebe, zinali zisanafote.

"Mayi, nthawi yondisudzula sinakwane," anatero mkamwiniyo. "Mwambo umati..."

"Mwambo? Mwana wanga akutentha thupi ngati mbaula munatsata mwambo uti? Chipatala chili apa, wakabaza akanafika naye. Inu kalikiliki kumuwaza madzi a mu Mulunguzi, uku mukuimba."

"Chinali chifuniro cha Mulungu."

"Chifuniro chanu, bambo a Tione. Mtembo wanu musamusenzetse Mulungu."

Phoebe ankagwira ntchito ku labu, kuweta tizilombo m'timbale tagalasi. Mayi akewo, amene sukulu anailekezera sitandade thu, ankamuseka kuti anzake akuweta nkhuku. Iye ankangomwetulira. "Amayi, kachilombo koluma timakathyola mano koma osakapha. Kakalowa m'thupi, asilikali a m'magazi amakadziwa nkhope. Mukakafoola kwambiri, thupi silikaona n'komwe. Mukakasiyira mano, kadwalitsa munthu. Katemera ndi ameneyo." Kenako Raymond analowa mpingo woletsa mankhwala, n'kumusiyitsa ntchito. Tione anabadwira m'nyumba.

"Mvetserani," anatero mayiwo. "Kuno kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndikumutenga lero. Koma inu sindikuthamangitsani ayi. Muzibwera ku Chikamveka kudzamuona. Muzidzakhala pabwalo. Osamunyamula, osamupempherera. Ndikufuna akule akukuonani, akudziweni nkhope, kuti wina wamkanjo akadzamufunsira banja, thupi lake lidzakane lokha."

Mayiwo anapitiriza.

"Ndipo mawa ali ku sikelo. Abayidwe majakisoni onse, ndidzamugwira mwendo ndine."

"Mwana wanga sabayidwa!" Raymond anadzambatuka. "Thupi lake ndi loyera, silinadetsedwepo!"

Mayiwo sanadikirenso. Anatsomphola khandalo m'manja mwa Malita, ilo n'kuyamba kulira. Linali chinyontho thupi lonse.

"Taonani! Dzuwa la Okutobala, mwana mwamuveka ngati akukagona paphiri. Mukufuna mumuphike nayenso?"

"Zovala zake zonse n'zotero," anatero Malita monong'ona. "Alamu anga sankalola kuti wina amuvule kapena kumusambitsa."

Mayi Alufandika anakwinya mkono wautali wa kamalaya ka mwanayo mwaukali, n'kuima. Pamwamba pa mkono wamanja panali kachipsera kozungulira, kofiirira, kongopola kumene. Anakadziwa. Nawonso anali nako, ka katemera wa TB.

Anaseka kuseka kouma. Anatembenuza mwanayo kuti bambo ake aone bwino.

"Loyera? Bwerani pafupi, abusa. Tizilombo tili m'kati kalekale, tikugwira ntchito."

Raymond anayang'ana, n'kubwerera pampando pang'onopang'ono. Mayiwo anali ndi mawu ena ambiri amene anawanola njira yonse, koma maso awo anagwera pa kamalayako. Mikono yake inali yochita kulumikiza, ya nsalu ina, ulusi wokhotakhota, pena wobwereza kawiri. Phoebe uja kusoka kunamukanika kuyambira ali mtsikana. Koma apa anasoka ndithu, kuti abise kachipserako.

Anatsata msokowo ndi chala. Kenako anatsitsa mkonowo bwinobwino mpaka padzanja, n'kubereka mwanayo kumbuyo.